Tiyamike ndi Mizere Yosiyira Mbozi

Anthu odutsa pa Mitundu akamuona Tiyamike wathu ali m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo, maso ali tong'o pa laputopu, amati mwana uyu adapeza ntchito yofewa, ya pamthunzi, yosatulutsa thukuta. Ena mpaka amati amangoonera mafilimu. Pakamwa pawo pomwepo! Akadadziwa zimene banja la mwanayu lidataya dzinja lapitali chifukwa cha laputopu imeneyi, bwenzi akuyamba achukucha m'kamwa asanatchule dzina lake.

Tiyamike adabadwira pa esiteti ya fodya. Bambo ake, a Efulemu, adachokera ku Phalombe ali mnyamata pa lole ya matenanti, ndipo banja adalipeza konkuno: adakwatira Anna, mwana wa kwathu, mkazi wa manja olimba koma wa mawu ochepa. Utenanti utawakwana, a Efulemu adabwera kudzakhala chikamwini kwa akuchikazi. Munthu ndi wolimbika, pamenepo sitinganame. Koma munda umene akudya mpaka lero ndi wa Anna, wochokera kwa makolo a Anna. Mawu amenewa muwasunge, afunika kutsogoloku.

Mwanayu adadziwa kusankha fodya m'chigafa asanadziwe kulemba dzina lake. Tsamba ili uku, ili uko, long'ambika pa lokha. Kusukulu mutu unkagwira, mayeso a Fomu 4 adakhoza, koma dzina lake silidatuluke ku koleji iliyonse. Adagulitsako mayunitsi pansi pa ambulera, adalukako anthu tsitsi pamsika, kenaka adaphunzira kompyuta kwa mbusa wina amene ankaphunzitsa achinyamata Loweruka. Anzake ankapita kumeneko kukaonana ndi anyamata. Iye ankapita kukaphunzira, poti ndi mwana woleredwa.

Ntchito idabwera mvula yoyamba itagwa. Kakampani kena ka ku Lilongwe kankapanga pulogalamu ya pafoni yoti mlimi akajambula chimanga chake, foniyo izimuuza ngati muli mbozi kapena mulibe. Mbozi zake ndi zomwe zija zidativuta zaka zino, zolowa mumtima mwa chimanga momwe masamba atsopano amatulukira, n'kumadya zili chibisalire. Koma foni sibadwa ndi nzeru. Pamafunika kuionetsa zithunzi zambirimbiri, chilichonse munthu atachilemba kuti apa pali mbozi, apa palibe, mpaka makinawo azolowere. Ntchito ya Tiyamike idali imeneyo, kujambula chimanga ndi kulemba zithunzizo.

Womuyang'anira adali mnyamata wina dzina lake Calvin. Tsiku lomupatsa laputopu adalankhula mosabisa.

"Achemwali, dzinja lino ndi loyeserera. Zithunzi zanu zikakhoza, ntchito ndi yanu ndipo laputopuyi mukhala nayo. Zikalephera, mudzaibweza, mabwana adzapatsa wina. Si ine woipa, ndangotumidwa."

Tiyamike adaikulunga m'chitenje ngati khanda, nakwera nayo minibasi ataifungata pachifuwa. Kondakitala atafuna kuiika kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza, adaona maso a mwanayo n'kungoisiya.

Musaganize kuti pulogalamu yolembera zithunziyo idali ngati za m'mafoni izi, zongogusa ndi chala. Ayi ndithu. Ukaitsegula, sikirini yonse imada bii ngati kunsi kwa mphika, pakona kamzere kakang'ono kakungophethira, kudikira. Palibe chithunzi cholozera, palibe moni. Uyenera kulemba lamulo m'Chingerezi, kuiuza foda imene muli zithunzi ndi fayilo imene isungemo mayankho. Ukaphonya pang'ono, imakulavulira mizere ya mawu osamveka n'kubwereranso kukaphethira. Ukalemba bwino, chithunzi chimatseguka pambali. Pamenepo ujambule kabokosi kuzungulira pamene mbozi yadya, ubwerere kumdima kuja, ulembe 1 ngati chimanga n'chodwala, 0 ngati chili bwino, udine batani lalikulu, chibwere china. Bokosi, nambala, batani. Bokosi, nambala, batani. Mpaka khosi liume.

Kumudzi magetsi kulibe, n'chifukwa chake adapempha kachipinda kuseri kwa sitolo. Ndipo batire la laputopuyo lidali lakufa kale, moti magetsi akangozima nayo imazimira limodzi. Calvin adalonjeza kuti adzatumiza latsopano. Pulogalamuyonso idali ndi khalidwe lake loipa: sinkasunga yokha ntchito. Umayenera kuilembera lamulo lina loti isunge. Sabata yoyamba Tiyamike adagwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, manja atazolowera, mtima ukukoma, waiwala zosunga. Magetsi adazima. Atayakanso, fayilo idali mbee, ngati sadagwirepo. Mwanayo adatuluka panja, naima pafupi ndi milu ya malata, osalira, akungopuma ngati wathamanga.

"Bwanji, filimu yathera pokoma?" adafunsa mwini sitolo.

"Eya, bambo," adayankha Tiyamike, poti akulu sitiwayankha zimene zili kukhosi.

Tsiku lina a Efulemu atabwera kumsika kudzagula khasu adalowa kuti aone ntchito ya mwana wawo. Adaima kumbuyo kwake chipewa chili m'manja, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ntchito yake ndi imeneyi? Kucheza ndi mdima?"

"Ndikuwaphunzitsa makina kudziwa mbozi, ababa."

"Sadziwa mbozi? Ndiye adapita kusukulu yanji makina akowo? Ndi mbuzi yomwe imaidziwa mbozi."

Adaseka onse awiri. Masiku amenewo kuseka kudalipo.

Zithunzi ankajambula m'munda mwa mayi ake ndi m'minda ya anansi. Chimanga chidali chofika m'mawondo, mbozi zitayamba kale. Tsono kwathu kuno mankhwala a m'botolo si onse angawakwanitse. Munthu akangoona tsamba labooka, amatapa phulusa la pamoto, ena amasakaniza ndi mchenga, n'kutsira mumtima mwa chimangacho kuti mbozi ipse. Timatero tonse, ndipo sitidikira mawa. Choncho phesi lililonse lodwala limene Tiyamike adajambula lidali mbuu ndi phulusa. Iye sadaonepo chachilendo. Adakula akuona zimenezo. Kwa iye phulusa pa chimanga chodwala lidali ngati nsanza pa chilonda, chinthu choti diso limangodutsa.

Adalemba zithunzi zonse, msana kuwawa, maso kuyabwa, natumiza ku Lilongwe bando ya intaneti itatsala pang'ono kutha. Adayamba kuyenda mopepuka. Adalonjeza mayi ake nsapato za pulasitiki.

Foni ya Calvin idamupeza akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu.

"Achemwali, mwakhala pansi?"

"Ndasenza madzi. Nenani."

"Mabokosi anu ndi abwino, sindiname. Palibe wina akujambula mwaudongo ngati inu. Koma makina sadaphunzire mbozi. Aphunzira phulusa."

"Phulusa bwanji?"

"Kuseri kwa ofesi kuno mlonda adadzala chimanga. Tatenga phesi labwinobwino, tatsira phulusa, tajambula. Foni yati muli mbozi. Tapeza lina lodyedwa, mbozi ikuchita kuoneka mutu, koma lopanda phulusa. Foni yati chimanga chili bwino, mlimi apite akagone. Mwaona? Makinawa ndi aulesi. Adaona kuti paliponse mudalemba 1 pali zotuwa, ndiye angogwira zotuwazo."

Tiyamike adatula ndowa pansi, madzi natayikira pa mapazi.

"Ndiye ntchito yonse ija?"

"Siyotayika yonse. Koma pakufunika zithunzi zina. Chimanga chabwino chothiridwa phulusa, zimenezo n'zosavuta. Chachikulu ndi chimanga chodwala chopanda phulusa ngakhale pang'ono. Ndipo tikufuna matenda onse, kuyambira timabowo toyamba mpaka pamene mbozi yachita kusakaza. Zambiri ndithu, osati ziwiri zitatu. Muchite changu, chimanga chikangomasula mtima uja umatseka, mwayi watha. Mabwana akuti zikapanda kubwera, laputopu ibwerere."

"Achimwene, mukudziwa chimene mukupempha? Kuti mbozi isakaze, ndiye kuti mwini munda aziyang'ana ikudya."

Calvin adati, "Ndikudziwa. Nanenso kwathu n'ku Nkhoma, mayi anga amalima. Koma makina samva zimenezo."

Kuyambira tsiku limenelo Tiyamike adasanduka mlenje wa mbozi. Ankalawira mame asanakamuke kuti akafike m'minda phulusa lisanafike. Koma ndani angapambane mayi wa pa Mitundu kulawira? Akamafika ankapeza eni ake ali kale pakati pa mizere, beseni m'chiuno, dzanja lili mbuu. Adayesa kupempha mayi wina woyandikana nawo munda kuti adikireko masiku angapo.

"Ndidikire? Iwe Tiya, mbozi udaiona ikudikira munthu? Ukauze makina akowo abwere adzadye kwanu chaka chino, tione ngati mukhute."

Adapeza mapesi owerengeka okha amene maso a eni ake adawaphonya. Atatumiza, Calvin adayankha kuti n'zochepa kwambiri. Uku chimanga chikukula, chafika m'chiuno, mvula ikugwa bwino ngati ikuchita dala.

Ndipo adakumbukira malume ake, a Petro, mlongo wake wa Anna, amene adakwatira ku Nathenje. A Petro ndi munthu wa mtima wabwino kuyambira ali mwana, mbumba yawo saitaya.

"Bwera, mphwanga!" adatero pafoni. "Kuno mbozi zachita kusefukira. Anti ako adali kuchipatala kudikirira mchemwali wawo, ine ndidatanganidwa ndi fodya, m'chimanga sitidathiremo kanthu. Ukajambula mpaka foni itenthe."

Tiyamike adavina ali yekha. Koma adalakwitsa chinthu chimodzi: adatchula tsiku lobwera.

Adakwera njinga yamoto ya kabaza, njira ya matope, kutsika pena n'kumakankha, nafika ku Nathenje siketi ili matope okhaokha. Adalandiridwa ndi akazi a malume ake, anti Margret, atavala chitenje chatsopano cha ku chigwirizano, duku lowala, kumaso atadzola mafuta ngati tsiku la ukwati. Nkhuku idali itaphedwa kale.

"Mwana wathu wa ku kompyuta! Tiye ukaone munda, usanakhale n'komwe pansi."

Atafika, Tiyamike adamwaza maso. Munda udali wopalira bwino, m'mphepete mosesa ngati pabwalo la tchalitchi. Masamba onse obooka adali atathotholedwa, ataunjikidwa kutali kuseri kwa chulu. Ndipo phesi lililonse, kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza, lidali ndi phulusa mumtima.

"Waona?" adatero anti Margret manja ali m'chiuno. "Dzulo tidagwira tsiku lonse, ine ndi azichemwali anga ndi ana awo. Phulusa tidachita kupempha mudzi wonse. Malume ako ankati tisiye choncho. Ndidati, inu bambo, mutu uli bwino? Zithunzi zikupita ku tauni, kaya mpaka kunja, anthu akaone munda wa Margret uli ngati wa chidakwa? Ndife osauka, koma si ife auve. Tsono ine ndiime pati? Apa kuwala kuli bwino?"

A Petro adali kumbuyo, akukanda m'mutu, maso ali pansi. Tisawaweruze. Munda ndi wa akazi awo, iwonso kumeneko ndi mkamwini.

Kodi mwanayo akadatani? Munthu wakugwirira ntchito tsiku lathunthu, wakuphera nkhuku, ungamukalipire? Adawajambula anti akewo ataima pakati pa chimanga, kenaka atagwira khasu, kenaka ali ndi malume. Adadya nkhuku ija, akuyamikira kuti yakoma. Pobwerera wa kabaza adayesa kucheza naye, koma adangomva mphepo.

Kudatsala munda umodzi wokha padziko lapansi umene akadaupempha.

Adawapeza makolo ake m'munda m'mawa mwake. Mbozi zidali zitabweranso kachiwiri, monga zimachitira, ndipo a Efulemu adali atayambira kumunsi, cha kudambo, kuthira phulusa mzere ndi mzere kukwera kumtunda. Kudatsala chigawo cha m'mphepete mwa njira, njira yomwe ija yopita kumjigo ndi kutchalitchi. Anna ankatsatira pambuyo ndi beseni lake.

Tiyamike adagwada pakati pa mizere.

"Ababa, ndili ndi pempho."

"Pempho la m'munda? Nena."

"Mizere yatsalayi musathire. Muisiye mbozi zidye, ine ndizijambula tsiku ndi tsiku mpaka zithunzi zikwane. Mukapanda kutero laputopu ikubwerera, ntchito yatha."

A Efulemu adaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana.

"Bwerezanso, mwina khutu langa lalowa phulusa."

Adabwereza.

"Mwana iwe. Ine kwathu ndidachoka chifukwa cha njala, osati chifukwa chofuna kuona dziko. Njala ndimaidziwa fungo lake. Feteleza ali m'mizere iyi ndidagulitsira mbuzi. Lero ukuti ndiitane mbozi, ndiziyalire mphasa, zidye, kuti anthu a ku Lilongwe asangalale?"

"Ntchitoyi ikakhazikika ndidzakuthandizani, ababa. Si chaka chino chokha."

"Ikakhazikika! Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chimanga ichi ndikuchiona ndi maso. Ntchito yakoyo ili mumdima muja, magetsi akazima nayo yazima. Ndipo tandiuza, foniyo ikadzaphunzira idzatiuza chiyani? Kuti m'munda muli mbozi? Ife maso tilibe?"

Pamenepo Tiyamike akadanena kuti foniyo idzathandiza kuona msanga, idzathandiza alangizi kudziwa dera limene mbozi zabuka, koma mawuwo adaoneka opepuka pamaso pa munthu wogulitsa mbuzi. Adangoti, "Ndapempha, ababa."

"Ndakana," adatero a Efulemu, natapa phulusa, naweramira phesi loyamba la chigawo chija.

Anna ndiye adabadwa choncho, amayamba wameza mawu kenaka n'kutulutsa amodzi. Adatula beseni lake, nang'amba mpendero wa chitenje chakale chimene adamanga m'chiuno, nathyola kamtengo, nakazika pamutu pa mzere, namangapo kansanzako.

"Bambo a Tiya, phulusa lithere apa."

"Mwati bwanji?"

"Kuyambira pa kamtengo aka mpaka kunjira, mizere iyi ndampatsa mwana."

"Mayi a Tiya, mwapenga? Tidzadya chiyani mwezi wa Febuluwale?"

"Tidzaona. Ndidamuona mwanayu akupsa ndi dzuwa pansi pa ambulera. Ndidamuona zala zitatupa ndi tsitsi la eni ake. M'chigafa ndiye sabwereramo ine ndili moyo. Munda uno adandisiyira ndi makolo anga, ndipo mawa udzakhala wake. Wangotapako msanga."

A Efulemu adayang'ana akazi awo, nayang'ana kansanza kaja. Pa zaka zonse za ukwati wawo Anna adali asanatchulepo za mwini munda, ngakhale pa mkangano.

"Chabwino," adatero motsitsa. "Mwandikumbutsa. Ndidaiwala kuti ndine mlendo pano."

Adakhuthula phulusa lotsala pansi, nanyamula ndowa, napita.

Tiyamike adapeza chimene ankafuna, koma musaganize kuti adakondwa. M'mawa uliwonse ankalowa m'mizere ija ndi foni. Poyamba timabowo tating'ono toonekera kuwala. Kenaka mabowo ngati munthu waboola ndi msomali. Kenaka ndowe za mbozi zonga utuchi wonyowa zitadzaza mumtima, masamba atsopano akutuluka ali nsanza zokhazokha. Ankaona mbozi yonenepa ili phee m'kati, chala chikumuyabwa kuti aitswanye, koma ankangoijambula, kutsogolo, m'mbali, pafupi, patali, n'kuisiya idye chimanga cha mayi ake.

Tsidya la kansanza a Efulemu ankakhala ali pomwepo, akuthira phulusa mizere ya m'malire mobwerezabwereza kuti mbozi zisaolokere. Bambo ndi mwana ankagwira ntchito motalikirana mikono yowerengeka, wina kupha, wina kuweta, osalankhulana kupatula moni.

Ndipo poti mizereyo idali m'mbali mwa njira, mudzi wonse udaona.

"A Efulemu, mwayamba ulimi wa mbozi? Msika wake uli kuti, nafenso tiyambe?"

"Kodi n'zodya zimenezi, achimwene? Kwanu ku Phalombe mumakazinga?"

Amayi opita kumjigo ankachepetsa liwiro, kugwira pakamwa. Ena adayamba kunong'ona kuti mwana wa Anna walowa zachilendo, akudyetsa munda kwa makina kuti alemere. Anthu omwewo amene ana awo ali pa bawo kuyambira m'mawa! Lamulungu lina a Efulemu adazungulira njira yaitali popita kutchalitchi kuti asadutse pamunda pawo pomwe anthu akuona.

Masana Tiyamike ankapita ku Mitundu kukakhala pamaso pa mdima uja. Tsopano ankalemba lamulo losunga pafupipafupi ngati munthu wokhoma chitseko kawiri. Chithunzi chikatseguka ankalidziwa phesi lake: ili ndi la pafupi ndi chitsa, ili ndi limene mayi adabwezera mbewu itakana kumera. Bokosi, 1, batani. Bokosi, 1, batani. Tsiku lina pulogalamu idakana zithunzi za tsiku lonse, ati maina a mafayilo akufanana ndi akale, ndipo adakhala mpaka madzulo akuwasintha limodzilimodzi, magetsi n'kuzimanso ali pakati. Adamenya tebulo ndi chikhatho mpaka mwini sitolo adasuzumira.

"Filimu ya nkhondo lero?"

"Bambo," adatero Tiyamike, ulendo uno osameza, "tsiku lina mudzakhale pampando uwu, muonere nawo."

Adatumiza zithunzi zomaliza ngayaye zoyamba zitayamba kuoneka kumunsi kwa munda. Tsiku lomwelo adatenga beseni la phulusa yekha nakathira m'mizere ija, koma kudali kutseka khola mbuzi zitatuluka. Mapesi ambiri adali atapinimbira, ena mtima utaoleratu.

Yankho lidachedwa. Chimanga cha anthu chidamasula, chidabereka, ana adayamba kuotcha dowe, foni ili chete. Tiyamike ankayang'ana laputopu ngati mlendo amene watsala pang'ono kutsanzika. Calvin adaimba tsiku lina iye akuchapa.

"Achemwali, zatheka. Tayesanso kuseri kwa ofesi, tayesa ndi ku minda ina. Makina aja phulusa salilabadiranso, akuyang'ana mabowo. Amaphonyabe pena, koma mabwana akhutira. Laputopu khalani nayo. Akulembani ntchito mpaka kutha kwa chaka, kenaka adzaonanso."

"Mpaka kutha kwa chaka basi?"

"Ndi mmene zilili, nanenso amandilemba choncho. Koma zithunzi zija n'zoopsa, mudazipeza kuti? Mwini munda ameneyo ndi wosasamala bwanji!"

Tiyamike adayang'ana thovu la sopo m'manja mwake.

"Ndi wosamala kuposa inu ndi ine," adatero. "Nanga batire latsopano mudalonjeza lija?"

"Tikuyesetsa. Komanso konzekani, dzinja likubwerali tikufuna matenda a mtedza."

Nthawi yokolola, a Efulemu ndi Anna adayamba kumunsi monga mwa masiku onse, ndipo kumeneko chimanga chidachita bwino. Atafika pa kamtengo kaja, kansanza katayezuka ndi dzuwa, Tiyamike adati mizere yotsalayo akolola yekha. Chigawo chimene zaka zina chinkadzaza ngolo chidatulutsa dengu limodzi, tizimanga tokhota, ta mano apatalipatali. Adalisenza masana dzuwa lili pamutu, nadutsa nalo njira ya kumjigo anthu akuona, khosi lili chilili. Magazi a kwathu amenewo.

Kunyumba adapeza bambo ake ali pa nkhokwe, imene chaka chino idalekera m'khosi. Adatula dengu pamapazi pawo, nagwada.

"Ababa, za m'mizere ija ndi izi. Ntchito andilemba mpaka Disembala. Chimene chaperewera m'nkhokwemu ndidzagula ine."

A Efulemu adatola kachimanga kamodzi, nakatembenuza, nakayeza ndi chala chawo. Chala chidapambana.

"Makina aja tsopano akuidziwa mbozi?"

"Akuidziwa. Pena amaphonya."

"Amaphonya," adabwereza, akugwedeza mutu. "Adya ngolo yathunthu ya chimanga, amaphonyabe. Mwana wa sukulu wotere ine bwenzi nditamuletsa."

Adanyamula dengu lija nakhuthulira m'nkhokwe pamodzi ndi chinzake. Anna, amene ankapeta pakhonde, sadatukule mutu, koma lichero lidaima pang'ono.

"Ndamva kuti chaka chamawa akufuna mtedza," adatero a Efulemu akubweza dengu.

Tiyamike adadzidzimuka. "Wakuuzani ndani?"

"Khoma la bafa ndi la udzu, mwana iwe, foni yako imamveka. Tsono tamvera. Chimanga ndi cha amayi ako, munda ndi wa amayi ako, ndamva, sindidzaiwalanso. Koma mtedza uja ndidachita kubwereka malo kudambo ndi dzina langa. Ukadzangoyandikira ndi foni yakoyo, ndidzakuthira phulusa iweyo."

Sadaseke ponena, ndipo mpaka lero sitikudziwa ngati idali nthabwala. Batire lija silinabwerebe. Tiyamike akadali m'kachipinda kaja, kamzere kakumuphethirira, akusunga ntchito pafupipafupi, khutu lili ku magetsi. Ndipo mbewu ya mtedza a Efulemu adaichotsa m'nyumba, adakaisungitsa kwa mnzawo kutsidya.